Njerwa ya Serkalem

Buku limene Serkalem anapatsa Yibeltal pa 12 mwezi wa Hidar pa kalendala yathu, tsiku la Mikayeli Woyera, kuno ku Dessie timangolitchula kuti Njerwa. Aliyense amene anafika ku sekondale analigwirapo. Ambirife tinawerenga mutu woyamba, umene unkabwera pa mayeso, zotsalazo tinasiyira Mulungu. Ndi nkhani ya Wondimu, mwana wa mayi wofulula mowa, amene anachoka kumudzi kukaphunzira ulembi kubwalo la milandu. Wolemba wake anathiramo mawu ambiri a Chigiizi, chinenero cha m'tchalitchi, ndipo chiganizo chimodzi chimatha kuyambira pamwamba pa tsamba n'kukathera pansi.

Yibeltal ananama za bukuli tsiku lomwe anakumana ndi Serkalem koyamba, pa tebulo la wogulitsa mabuku akale ku Piasa, pakati pa tauni. Anati analiwerenga kawiri. Serkalem atamufunsa dzina la mayi a Wondimu, iye anatchula dzina la bulu wa m'mutu woyamba. Kuyambira tsikulo mtsikanayo ankamuitana kuti "Ato Yibeltal", ngati kunena kuti "Bambo Yibeltal", n'kumamulankhula ndi "inu" ngati nkhalamba ya ndodo, chonsecho anangosiyana chaka chimodzi. Zinayamba ngati nthabwala. Miyezi inadutsa, chikondi chinakula, koma "inu" uja sanachoke.

Tsiku la Mikayeli lija, atakhala m'kanyumba ka tiyi pafupi ndi positi, Yibeltal ananena kuti akufuna kutumiza akuluakulu kwa bambo a Serkalem kusala kudya kwakukulu kwa tchalitchi kusanayambe, popeza m'nyengoyo maukwati sachitika. Serkalem anatulutsa Njerwa m'chikwama n'kuyiika pakati pa makapu.

"Musatumize munthu kwathu musanamalize bukuli."

"Serke, ukwati wasanduka mayeso a sekondale?"

"Mayeso munabera kale. Uku n'kubwereza kalasi."

"Anzanga amapemphedwa mphete yagolide. Ine ndikupatsidwa njerwa."

"Muyambire pomwepo kumanga nyumba." Anamwetulira pang'ono, kenako nkhope inabwerera m'malo. "Sindikufunsani mafunso ambiri. Mukafika pamene Wondimu wabwerera kwa mayi ake, mudzandiuze chimene mwaona. Basi."

"Ndikapanda kuona kanthu?"

"Ndiye kuti akuluakulu anu asavutike ndi chitunda cha kwathu."

* * *

Chimene awiriwa sankachitchula chinali chodziwika kwa onse. Serkalem ndi mwana wa Ato Mekuria, wowomba nsalu, ndipo kuno mabanja ambiri amaona owomba nsalu ngati anthu apansi. Weizero Tiruwork, mayi a Yibeltal, amavala netela, nsalu yofunda yoyera, yowombedwa ndi manja a anthu otere Lamlungu lililonse, koma kuti magazi awo alowe m'banja lawo, ayi. Anamuonapo Serkalem kamodzi, pakhomo la tchalitchi. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Zala zako n'zazitali bwino, mwana wanga. Zoyenera ulusi." 

Yibeltal sankada nkhawa. Mayi akewo anamulera okha bambo ake atamwalira, pogulitsa tsabola ndi shiro, ufa wa nyemba wophikira ndiwo, ndipo chikondi chawo chinkatulukira m'zitonzo. M'mawa amamudzutsa ndi "Iwe fisi, dzuwa lafika pamutu." Masana amamupindira injera, buledi wathu wopyapyala, ndi dzanja lawo n'kumuika m'kamwa ngati khanda.

"Emaye amakalipa, kenako amaiwala," Yibeltal ankamuuza Serkalem za mayi akewo. "Mphepo ya ku phiri la Tosa, imawomba n'kupita."

Serkalem ankasintha nkhani.

* * *

Mitu isanu yoyamba inayenda. Wondimu ankaweta mbuzi, ankaba mowa wa mayi ake, ndipo mayiwo ankamuthamangitsa ndi chikuni akumutukwana mpaka agogo ake. Yibeltal ankaseka yekha. Kenako, m'mwezi wa Tahsas, anafika pa mlandu wa munda.

Pamenepa ndi pamene aliyense wa ku Dessie amene anayesa kupitiriza analekera. Mabanja awiri akulimbirana kamunda, ndipo mboni iliyonse imayamba ndi kutchula makolo ake m'modzim'modzi isanafike pa nkhani. Zimenezi zimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a buku lonse.

Analembera Serkalem uthenga pafoni: "Mboni ina yaimirira. Munda wake ndi waung'ono ngati mphasa. Anthuwa alibe ntchito?"

"Pitirizani, Ato Yibeltal."

"Wondimu ali kuti? Ndamusowa sabata yonse."

"Wakhala pakona, akulemba zimene mboni zikunena. Mukutopa inu, akutopanso iye."

"Ndingodumpha pang'ono?"

"Mukadumpha mudzagwera m'dzenje."

Loweruka lina masana mayi ake anamupeza atagona pampando, buku litamuphimba nkhope.

"Iwe, ukufuna ukhale wansembe ndevu zitamera kale? Uli kusukulu buku unkaliona ngati njoka." Analinyamula, naliyeza kulemera ndi dzanja. "Anakupatsa ndani?"

"Mnzanga."

"Mnzako wa zala zazitali." Analiika patebulo pang'onopang'ono. "Dzuka udye, galu iwe. Shiro akuzizira."

* * *

Mtsikana wina, Haregewoin, ankabwera kunyumbako kawiri pa sabata. Mayi ake ndi Weizero Tiruwork ali m'bungwe limodzi la amayi a Mariya Woyera, limene limakumana pa 21 mwezi uliwonse, ndipo azimayi awiriwa anagwirizana kalekale za ana awo osawafunsa. Haregewoin anaphunzira za mabuku ku yunivesite. Ndi wokongola, amadziwa kuti ndi wokongola, ndipo Yibeltal amamuitana "Yibe" kuyambira ali ana.

Tsiku lotsatira Khirisimasi anabwera ndi buledi wa mayi ake, naona Njerwa patebulo.

"Yibe, walakwira ndani kuti ulangidwe chonchi?"

"Ndikungowerenga."

"Uli pa mlandu wa munda, eti? Nkhope yako yanena." Anakhala pa mkono wa mpando wake. "Mvera ine. Mlanduwo palibe amene anauwerenga. Ngakhale amene ankatiphunzitsa ankaudumpha. Ukufuna mathero? Wondimu akubwerera kumudzi atavala nsapato. Mayi ake akumuyalira chikopa cha ng'ombe, akumusambitsa mapazi, akumulandira mwaulemu waukulu. Maphunziro agonjetsa umphawi. Ndinalemba zimenezo pa mayeso, ndinakhoza bwino."

"Basi?"

"Basi. Mtsikana wokukonda sangakusenzetse katundu wotere." Anatulutsa foni, najambula bukulo lili pafupi ndi buledi wake. "Ine ndikanakupatsa buledi."

Yibeltal anayang'ana masamba amene anatsala. Anawerenga m'mutu masabata amene anatsala kuti kusala kuyambe. Anatseka buku.

* * *

Anakumana ndi Serkalem pa 3 mwezi wotsatira wa Tir, m'kanyumba ka tiyi komwe kaja. Anavala malaya atsopano.

"Ndamaliza."

"Mwachita changu."

"Chikondi chimathamangitsa munthu." Anatsokomola. "Wondimu akubwerera. Mayi ake akumuyalira chikopa, akumusambitsa mapazi, akumulandira mwaulemu waukulu. Ndinakhudzidwa kwambiri. Zikusonyeza kuti maphunziro amagonjetsa umphawi."

Serkalem anatakasa tiyi wake nthawi yaitali.

"Mboni yomaliza pa mlandu wa munda anali ndani?"

"Zinali zambiri, Serke. Munthu sangakumbukire onse."

"Ameneyo mukanamukumbukira." Anatembenuza foni yake n'kumuonetsa chithunzi chimene Haregewoin anaika pa intaneti: Njerwa, buledi, ndi nsalu ya patebulo ya Weizero Tiruwork. Pansi pake analemba kuti, *Kuthandiza mwana wa eni ake homuweki.*

"Sizili momwe ukuganizira."

"Sindikuganiza kuti mumamukonda. Zimenezo zikanakhala zopepuka." Mawu ake anali otsika, osanjenjemera. "Ndinakupemphani chinthu chimodzi. Sindinapemphe golide, sindinapemphe nyumba. Mwapita kukatenga yankho kwa munthu amene akufuna kuti mulephere."

"Koma ndi buku chabe. Bwanji osangondiuza chimene ukufuna ndione?"

"Ndikakuuzani mudzati, 'Emaye amakalipa, kenako amaiwala.'" Anaimirira, nakonza mpango wake. "Bukulo ndi la bambo anga. Ndinawawerengera lonse dzinja lina iwo akuwomba nsalu. Mukatopa nalo mulibweze, Ato Yibeltal. Musalisiye pafupi ndi buledi, lingadetsedwe."

Mauthenga amene Yibeltal anatumiza sabata imeneyo sanayankhidwe.

* * *

Anabwerera poyambira pa mlanduwo. Anabwereka dikishonale ya Chigiizi, ndipo nthawi ino sanathamange. Pa 11 Tir, tsiku la Timket, chikondwerero cha ubatizo, mzinda wonse utavala zoyera n'kutsikira kumadzi ndi ng'oma, iye anabwerako m'mamawa n'kukhala pakhonde ndi Njerwa pamiyendo.

Atawerenga mofatsa anayamba kuona chimene chinkachitika pakona paja. Mboni iliyonse ikalankhula Chiamhara cha kumudzi, Wondimu ankachikonza polemba kuti chimveke cha m'tauni. Poyamba ankachita manyazi pokonza. Kenako anazolowera. Kenako anayamba kumwetulira pamodzi ndi alembi anzake mboni ikaphonya mawu. Wolemba sananene paliponse kuti mnyamatayu akusintha. Anangomusiya akulemba, tsamba ndi tsamba, mpaka wowerenga naye atatopa ndi anthu a kumudziwo, n'kuyamba kulakalaka kuti akhale chete.

Ndiyeno mboni yomaliza inaitanidwa. Anali mayi a Wondimu, atayenda wapansi masiku awiri, zovala zikununkha utsi ndi chimera. Woweruza anafunsa mlembi wachinyamatayo ngati akuwadziwa mayiwa. Wondimu, maso ali papepala, anati, "Ndimawadziwa. Ndi a kumudzi kwathu."

Yibeltal anaika buku pansi. Anayenda mpaka pageti n'kubwerera. Naye anali atatopa ndi mboni. Naye ankafuna zingokhala chete.

Masamba otsalawo anawamaliza m'masiku atatu. Zonse zimene Haregewoin ananena zinalimo: nsapato, chikopa cha ng'ombe, madzi a mapazi. Koma atamaliza kumusambitsa, mayi amene anamutukwana mwana wawo buku lonse, amene sanamuitanepo ndi dzina lina koma "iwe", anaimirira patali pang'ono, manja ali pamimba, nati, "Mwayenda bwanji? Mukhala nafe masiku angati?"

Buku limapitirira masamba ena makumi awiri. Mayiwo sanenanso "iwe".

M'nyumba, Weizero Tiruwork anakuwa, "Iwe bulu, malasha aja ukudikira kuti abwere okha?"

Yibeltal anapita kukatenga malasha. Mayi ake anadabwa kuona kuti wawapsompsona paphewa podutsa.

* * *

Nyumba ya Ato Mekuria ili pamwamba pa chitunda, kuseri kwa msika. Yibeltal anafika Lachisanu masana. Mkuluyo anali m'dzenje la chowombera nsalu chake pakhonde, mapazi akupondaponda, ulusi woyera utatambasuka mpaka pamtengo wa bulugama.

"Mwaswera bwanji, Gashe Mekuria?"

"Mulungu alemekezeke. Wabweretsa njerwa yanga?" Sanasiye kuwomba. "Mwana wanga ali kuseri, akusankha mphodza. Ukamukwiyitsanso, udzasankha ndiwe."

Serkalem anali pamphasa, lichero lili pamiyendo. Sanadzuke. Yibeltal anakhala pamwala, buku lili m'manja.

"Mboni yomaliza anali mayi ake," anatero. "Ndipo atabwerera sanamulandire. Anamutsanzika. Anati 'inu'."

Zala za Serkalem zinaima m'mphodza.

"Chinandipweteka n'chakuti sanakalipe," anapitiriza Yibeltal. "Ndinkadikira chikuni chija. Ndinabwerera m'mbuyo kawiri kuona ngati ndadumpha tsamba."

"Aliyense amabwerera."

"Ndipo mlandu uja ndi msampha. Amakutopetsa dala kuti ukhale mbali ya Wondimu osadziwa. Pamene mayi ake akulowa, ndinali nditayamba kale kunyansidwa nawo anthu aja."

Serkalem anaika lichero pambali. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo maso ake ananyowa, koma anaseka.

"Iwe," anatero. "Wawerengadi, iwe wabodza iwe."

Yibeltal anasendera pafupi.

"Tanenanso."

"Usazolowere." Anapukuta maso ndi mpango. "Tsopano mvera. Mchimwene wanga ali ku Addis Ababa, ndi injiniya. Anauza apongozi ake kuti bambo athu ndi wamalonda a nsalu. Abaye, bambo athuwo, anamva. Sanamufunse kanthu. Koma akabwera kuno amamuimirira, amamupatsa mpando wabwino, amamufunsa kuti, 'Ntchito ikuyenda bwanji?' ngati mlendo wa boma. Ndakhala ndikuona zimenezo zaka zinayi. Mchimwene wanga amalira m'galimoto asanalize injini."

"Ine sindikukana mayi anga."

"Ndikudziwa. Koma kwa iwo kunditenga ine n'chimodzimodzi. Sadzakumenya, Yibe. Sadzakutemberera. Mayi ako ndi onyada, ndipo anthu onyada amalanga ndi ulemu. Sindinafune kuti udzamve mawu amenewo koyamba uli kale ndi ine, n'kumandiyang'ana chaka ndi chaka ngati ndine ndinakubera mayi. Ndinafuna uwamve kaye m'buku, pamene ungathe kutseka n'kuchokapo."

Kutsogolo kwa nyumba chowombera chinkagogoda, osafulumira, osachedwa.

"Ukhoza kutseka," anatero Serkalem. "Sindidzakuda."

Yibeltal anayang'ana chikuto chong'ambika cha Njerwa. Kenako analiika pamphasa pafupi ndi lichero.

"Ndatseka buku. Akuluakulu abwera Lamlungu lomaliza la Tir. Uwauze Gashe agule nkhosa yonenepa, amalume anga amadya ngati akubwezera." Anayesa kuseka. "Komanso Emaye ulemu sauziwa. Ngakhale wansembe amamunena kuti 'iwe' akachedwetsa mapemphero."

Serkalem anamugwira dzanja, koma sanaseke naye.

* * *

Pa 21 Tir bungwe la Mariya linakumana kwa Weizero Tiruwork. Pofika chakumadzulo amayi ena anali atapita. Panatsala udzu wobiriwira pansi, fungo la lubani, ndi Haregewoin atakhala pa kampando kafupi akuwiritsa khofi wina wa apabanja, pamalo pamene mkamwana amakhala.

Yibeltal analowa, navula nsapato.

"Wabwera, fisi," anatero mayi ake. "Buledi wodalitsidwa ndakusungira, ngakhale suyenera."

"Emaye, ndili ndi mawu."

"Mawu ako ndimawadziwa. Khala pansi."

Sanakhale. Analankhula ataimirira, mosazungulira. Anati Lamlungu lomaliza la mwezi akufuna amalume ake atsogolere akuluakulu kupita kwa Ato Mekuria wowomba nsalu, kukapempha Serkalem. Anati sakubisa kuti mtsikanayo ndi mwana wa yani, ndipo sadzabisa kwa wina aliyense kuti iye ndi mwana wa yani. Anati akufuna mdalitso wa mayi ake kuposa wa munthu wina aliyense.

Haregewoin anayang'ana makala. Khofi anayamba kukwera m'khosi la jebena, kamphika kadothi kophikira khofi, ndipo anaiwala kumuphula.

Yibeltal anadikira chitonzo. Anali atakonzeka kumva za galu, za bulu, za mabere amene anamuyamwitsa, za ufa wa tsabola umene unawawononga maso kuti iye aphunzire. Anali ndi yankho la chilichonse.

Weizero Tiruwork anayang'ana m'mphepete mwa netela yawo, mmene munali maluwa a ulusi wofiira ndi wagolide, nasalaza ndi chala. Kenako anadzuka.

"Ndipatse, mwana wanga," anauza Haregewoin, natenga jebena m'manja mwake.

Anathira okha kapu yoyamba, ija timapatsa wamkulu kapena mlendo. Anakoka mpando wa malemu bambo ake a Yibeltal, umene palibe ankakhalapo, naupukuta ndi m'mphepete mwa nsalu. Anaimirira patali pang'ono, kapu ili m'manja onse awiri.

"Khalani apa, Ato Yibeltal. Mwalankhula bwino, tamva. Mlongo wanga Lamlungu limenelo ali ndi ulendo, ndiye akuluakulu mufune kwina, mukudziwa anthu ambiri." Mawu awo anali ofatsa, aulemu, opanda mkwiyo ngakhale pang'ono. "Pepani, ndikufunseni. Khofi mumamwa wamchere kapena washuga?"

Mayiwo anakhala akumuthirira mchere m'khofi kuyambira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri.

"Emaye," anatero Yibeltal.

"Wamchere kapena washuga?"

M'thumba mwake foni inanjenjemera. Anaitulutsa osaganiza, pofuna poyang'ana pena. Unali uthenga wa Serkalem.

*Iwe, zayenda bwanji?*

Mayi ake anali chiimire, akudikira yankho, ndipo kapu inali isakugwedezeka m'manja mwawo.